RuneLite ndi Jagex: ukamanga khonde panyumba ya lendi, khondelo ndi la ndani?

Mu September 2021 anthu ambirimbiri anakhamukira pabwalo la mzinda wa Falador kukachita zionetsero. Musavutike kuufufuza pa mapu, Falador ndi mzinda wa mu gemu ya Old School RuneScape, nde ochita zionetserowo anali tianthu ta pasikilini, tina titavala zisoti tina titanyamula malupanga, mawu okalipira kampani ya Jagex, mwini wake wa gemuyi, akungotuluka pamwamba pa mitu osaleka. Munthu woti gemuyi saidziwa akanangoseka kuti awa asowa chochita. Koma kumaofesi a Jagex ku Cambridge sizinali zoseketsa, chifukwa ena mwa anthuwo anali atayamba kale kuimitsa umembala womwe amalipira mwezi ndi mwezi.

Gwero la mkwiyowo anali munthu mmodzi wodziwika ndi dzina la pa intaneti loti 117. Mkuluyu anatha zaka ziwiri, iyeyo amati maola cha m'ma 2000, akupanga kachida kokongoletsa gemuyi koika mu RuneLite, pulogalamu yosewerera gemuyi yomwe anapanga osewera okha, kuti mukhale kuwala, mithunzi, madzi azioneka ngati madzi osati chinsalu chabuluu. Ulere, palibe anamulipira. Kutangotsala pang'ono kuti akatulutse, Jagex inamutumizira uthenga kuti bambo imani kaye, osatulutsa, ifenso tili ndi pulani yopanga zathu zangati zomwezo.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe nkhani ya mithunzi inafikira pomwe inafikapa tiyambire kumbuyo pang'ono. RuneScape inatuluka mu 2001, anaiyambitsa ndi Andrew Gower ndi m'bale wake Paul ku England. Zaka zikupita kampani inkangosintha gemuyi, mpaka mu 2012 anasinthiratu kamenyedwe ka nkhondo ndipo anthu ambiri akale anangoti basi ife tapita. Mu 2013 Jagex inalengeza kuti yapeza kope yakale ya gemuyi ya August 2007 nkufunsa anthu kuti kodi tiibwezeretse? Anthu oposa 400,000 anavota kuti eya. Old School RuneScape inabadwa choncho, ndipo inabwera ndi lonjezo loti chatsopano chilichonse chachikulu chiziyamba chadutsa pa voti ya osewera, poyamba pankafunika 75 pa 100 alionse avomere, pano anatsitsa kufika pa 70. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa anthu a gemu iyi anazolowera kufunsidwa, sanazolowere kungouzidwa.

Vuto nloti gemu ya 2007 inabwera ndi pulogalamu yake ya 2007 yomweyo. Apa ndi pomwe pamabwera mawu oti client. Gemu ya pa intaneti ili ndi mbali ziwiri, seva ya kampani yomwe imasunga zonse, ndalama zako, katundu wako, ndani wafa ndani wapha, ndiye pali client, pulogalamu ya pa kompyuta yako yomwe imajambula zithunzi nkumatumiza ku seva chilichonse wadina. Client ya Jagex inali yachikalekale, ya Java, ukayang'ana patali pang'ono dziko limangothera mumdima, zinthu zikagwa pansi suona dzina lake mpaka uloze ndi mbewa, kuwerengera kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji kuti ukwere level umachita kutenga kakyuleta. Nde anthu odziwa kulemba mapulogalamu anayamba kupanga ma client awoawo. Seva yomweyo, akaunti yomweyo, kungoti zenera lomwe ukuonera gemu wapanga ndi munthu wina.

Panali angapo. OSBuddy inali yotchuka kwambiri koma zabwino zake zenizeni umachita kulipira pamwezi, kuwonjezera pa ndalama ya umembala. Kenako kunabwera RuneLite, woiyambitsa amangodziwika kuti Adam, yaulere komanso code yake yonse ili poyera pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako code, aliyense atha kuiwerenga, kukonza pomwe palakwika kapena kuwonjezera kake. Tizida towonjezerato timatchedwa ma plugin, ndipo kwa amene sanaseweleko nkovuta kufotokoza mmene timasinthira moyo. Kena kamalemba mayina a zinthu zagwa pansi ndi mtengo wake kuti usatole zinyalala nkusiya chodula. Kena kamakulola kuika chizindikiro pansi pomwe ukufuna kuima pomenyana ndi chilombo. Kena kamalira ngati belu munthu wako akasiya kudula mtengo iwe uli pa YouTube. Kena kamagwiritsa ntchito GPU, mbali ya kompyuta yojambula zithunzi, kuti uziona patali gemu osadukaduka. Palinso Quest Helper yomwe imangokulozera kuti pita apa, lankhula ndi uyu, tenga ichi, moti ena amati nde ukusewera iweyo kapena plugin, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndewu yoyamba inachitika mu May 2018. Jagex inauza Adam kuti atseke RuneLite. Chifukwa chomwe anapereka ndi chomveka ndithu, tisanamizane. Kampani ikamatulutsa pulogalamu yake imaisokoneza dala, mayina onse omveka mkati mwa code amasanduka zilembo zopanda mutu, cholinga choti munthu akaitsegula asamve chomwe chikuchitika. Kuti RuneLite igwire ntchito anthu ake ankayenera kumasula chisokonezocho, ndipo popeza zonse zinali poyera, chida chomasuliracho ndi code ya Jagex yomasulidwayo zinali poyeranso. Ndiye ndani akusangalala? Opanga ma bot. Bot ndi pulogalamu yomwe imasewera yokha usiku ndi usana, kukumba miyala, kupha zilombo, kuunjika golide wa mu gemu yemwe eni ake amakagulitsa ndi ndalama zenizeni. RuneScape yavutika ndi zimenezi kuyambira kalekale, mu December 2007 Jagex inafika polengeza kuti ikuchotsa malonda omasuka pakati pa osewera pofuna kuthana nazo, anthu nkuchitanso zionetsero ku Falador komweko. Nde Jagex ikamati code yathu isamangokhala pamtunda sikuti ikungonena.

Koma osewera anaona china. Anafunsa kuti bwanji mukutseka yaulere nkusiya yolipitsa ija, OSBuddy? Anthu anakwiya, Reddit inadzaza, ndipo patangopita masiku ochepa Jagex inakhala pansi ndi Adam nkugwirizana kuti RuneLite ipitirire koma mbali yomasula code ija ibisidwe, zina zonse zikhalebe poyera. Ineyo ndimaona kuti mgwirizano umenewu unali wanzeru, kungoti ukanatheka popanda kuyamba ndi kuopseza. Ndipo chodabwitsa nchoti phokosolo linatsatsa RuneLite kwaulere, ambiri anaimva koyamba nthawi imeneyo nkusamukira komweko.

Pali funso lina lovuta kuposa la code, lomwe mpaka lero silinathe: chida chothandiza chimathera pati, chinyengo chimayambira pati? Mu gemuyi zonse zimayenda pa kugunda kwa masekondi 0.6, osewera amati tick. Zilombo zikuluzikulu ngati njoka yotchedwa Zulrah kapena za kumalo ankhondo otchedwa Inferno zimasinthasintha kamenyedwe, iwe umayenera kuona chizindikiro nkusintha pemphero lodzitetezera nthawi isanathe, ukachedwa tick imodzi wapita. Luso lonse lagona pamenepo. Ndiye wina akapanga plugin yoti izikuuziratu kuti dina ili, pano dina ili, ima apa, sinasewere m'malo mwako ayi, dzanja ndi lako ndithu, koma mutu wabwereka. Jagex inaletsa zoterozo ndipo RuneLite inachotsa ma plugin angapo a mtundu umenewu. Koma kuika chizindikiro pansi ndi dzanja lako nkololedwa. Kuwerengera nthawi ya mankhwala omwe wamwa nkololedwa. Mukuona kuti malire ake sali ngati mpanda wa njerwa, ali ngati malire a munda kumudzi, aja amati kuchokera pachulu kukafika pamtengo wa mango, aliyense amaloza posiyana pang'ono. Ndipo popeza code ili poyera, anthu ena ankangoikopera nkubwezeretsa zoletsedwa zija nkutulutsa client yawo, ena mpaka kumagulitsa.

Makampani ena funso lomweli analiyankha mosiyana. Blizzard inalola ma addon, tizida tangati ma plugin tija, mu gemu yake ya World of Warcraft kuyambira pachiyambi, inachita kuwakonzera khomo lolowera, nkuika lamulo loti akhale aulere. Zotsatira zake ma addon ngati Deadly Boss Mods anakula mphamvu mpaka opanga gemu anayamba kupanga zilombo zovuta kwambiri poganizira kuti aliyense ali ndi addon yomuuza zochita, nde amene analibe ankangovutika. Square Enix ku Final Fantasy XIV inangoti zida zonse zakunja nzoletsedwa basi, koma aliyense akudziwa kuti anthu amagwiritsa ntchito mwakachetechete, bola osadzionetsa. Mu January 2023 gulu lomwe linayamba kugonjetsa nkhondo yovuta ya The Omega Protocol linapezeka kuti linagwiritsa ntchito chida chokokera kamera patali, mkulu wa gemuyi Naoki Yoshida anakwiya poyera ndipo anawalanda ulemuwo.

Tibwerere kwa 117. Chomwe chinapangitsa nkhani yake kuwawa nchoti munalibe chilichonse mwa zimenezi. Mithunzi siithandiza munthu kupha Zulrah. Kuwala kwa dzuwa sikupanga bot. Malamulo omwe Jagex inali italemba okhudza ma client sankaletsa zokongoletsa, anachita kuwonjezera mfundoyo nthawi yomweyo. Komanso ntchitoyi sinali yobisa, zithunzi zake zinkazungulira pa intaneti kwa nthawi yaitali anthu akuyamikira, ndiye ngati panali vuto akanatha kumuuza chaka chapitacho asanataye tulo take. Iyeyo anayesa kunyengerera, anati chabwino ndiloleni nditulutse, tsiku lomwe yanu idzatuluke ine yanga ndidzaichotsa, komanso muzindiuza mmene mukufunira kuti zizioneka. Anakana. Apa mpomwe anthu anazindikira kuti nkhani si chitetezo, nkhani ndi yoti kampani sinkafuna kuti munthu wapadera ayambe kufika pomwe iyo ikuti idzafika, mwina poopa kuti yawo ikadzatuluka anthu adzaziyerekeza.

Kunena chilungamo, mantha amenewo ali ndi pogwira. Maonekedwe a gemu ndi nkhope ya kampani. Ngati mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi Twitch akuonetsa gemu yako mu maonekedwe omwe anasankha munthu wina, ojambula ako akupanga chinthu china osewera akuona china, ukatulutsa dera latsopano nkuoneka loipa mu plugin anthu adzadandaula kwa iwe. Zonsezi nzoona. Koma yankho lake silinali kudikira tsiku lomaliza.

Pasanathe sabata Jagex inabweza mawu, kachida kaja, komwe dzina lake ndi 117 HD, kanatuluka mu RuneLite mwezi womwewo ndipo anthu ambiri akukagwiritsabe ntchito. HD ya Jagex ija pofika 2024 inali isanafikebe m'manja mwa osewera, ndiye tangoganizani akanamvera nkudikira.

Anthu amakonda kuinena nkhaniyi ngati kuti osewera anawina mlandu. Sanawine mlandu uliwonse. Kukhoti 117 analibe poyambira, Adam chimodzimodzi. Gemu ndi ya Jagex, zithunzi nza Jagex, seva nja Jagex, ndipo ukamatsegula akaunti umadina kuvomera chikalata chachitali chija palibe amawerenga. Zili ngati munthu wa lendi, wakhala panyumba zaka, wamanga khonde, waika simenti pabwalo, wabzala mapapaya, anthu odutsa akuti koma nyumba iyi nde yakongola. Landilodi akabwera mawa nkuti gumula khondelo kapena samuka, ungadandaule kwa aneba koma pepala lili ndi iyeyo. Chomwe chinapulumutsa RuneLite mu 2018 ndi 117 HD mu 2021 nchoti alendi onse a pamalopo anaima pamodzi nkuti mukagumula tonse tisamuka. Old School RuneScape imadalira kwambiri ndalama ya umembala, ilibe timasitolo togulitsa mphamvu tija tadzaza m'magemu ena, ndiye munthu akaimitsa kulipira zimamveka msanga. Komanso Jagex inapsapo kale, gemu yonseyi ilipo chifukwa choti anthu anathawapo mu 2012. Kampani ina yomwe ilibe mabala amenewo ikanangotseka makutu.

Ndipo kwina zimatha choncho, kapena zimatha modabwitsa. Mu 2015 Rockstar, kampani yopanga gemu ya GTA V, inatseka maakaunti a anthu opanga FiveM, chida cholola anthu kuyendetsa maseva awo a GTA V, ikuti chikulimbikitsa kuba gemu. FiveM sinafe, inakula, maseva a roleplay aja, momwe osewera amachita ngati sewero, omwe anthu amaonera pa Twitch ambiri amayendera pomwepo. Mu August 2023 Rockstar yomweyo inatenga gulu la FiveM kukhala mbali ya kampani. Pakatipo mu 2017 Take-Two, kampani yomwe ndi mwini wake wa Rockstar, inatumiza kalata yotseketsa OpenIV, chida chosinthira mafayilo a gemu, anthu anakathira ndemanga zoipa pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mpaka chidacho chinabwerera. Koma taonani za FiveM zija: dzulo wakuba, lero wantchito, munthu yemweyo ntchito yomweyo, chasintha nchoti kampani yaona ndalama.

Blizzard nayo ili ndi chilonda chake. Dota inayamba ngati mapu opangidwa ndi osewera mkati mwa Warcraft III. Valve inalemba ntchito IceFrog yemwe ankaiyendetsa, nkutulutsa Dota 2 mu 2013, Blizzard ikungoyang'ana chinthu chobadwira pakhomo pake chikulemeretsa neba. Potulutsa Warcraft III: Reforged mu 2020 analemba momveka kuti gemu iliyonse mungapange m'menemu ndi yathu. Valve ija inali italembapo kale ntchito opanga Counter-Strike, yomwe Minh Le ndi Jess Cliffe anaiyamba mu 1999 ngati mod, kutanthauza gemu yosinthidwa ndi osewera, ya Half-Life. Nde mukamva kampani ikuuma mtima ndi ma fan, nthawi zina si nkhanza chabe, ikuopa kudzalira ngati Blizzard.

Ndiye bwanji osangowalipira anthuwa? Zinayesedwapo. Mu April 2015 Valve ndi Bethesda anatsegula msika wogulitsa ma mod a Skyrim pa Steam, wopanga azitenga 25 pa 100, zotsalazo makampani awiriwo agawane. Sizinathe sabata. Osewera anakwiya kuti zaulere zayamba kugulitsidwa, opanga anayambana okhaokha chifukwa mod yambiri imatsamira pa ntchito ya mnzake, ndiye ndani adye ndani asadye. Apa ndimaona kuti osewera nafenso tili ndi mbali yathu. Timakuwa kwambiri kampani ikapondereza wopanga chida, koma wopanga yemweyo akati ndithandizeni kangachepe ambiri timayang'ana kumbali, ndipo plugin ikasweka gemu ikangosinthidwa timamutukwana ngati tinamulemba ganyu. Pomwe mu 2024 Jagex inagulidwa ndi CVC Capital Partners ndi Haveli Investments pamtengo womwe unamveka kuti uli cha m'ma 900 miliyoni a mapaundi. Sindikuti ndalama yonseyo inabwera ndi RuneLite ayi, koma wogula akamawerenga anthu omwe amalipira mwezi uliwonse, ambiri mwa anthuwo gemuyi amaionera pa zenera lomwe anapanga anthu osalipidwa.

Chitsanzo chomwe ine chimandisangalatsa ndi cha wiki. Buku lalikulu la pa intaneti lofotokoza chilichonse cha mu RuneScape amalemba ndi osewera, ndipo kwa zaka linkakhala pa Wikia, yomwe pano ndi Fandom, komwe zotsatsa malonda ndi mavidiyo ongodziyatsa okha zinafika potopetsa. Mu 2018 olembawo anasamuka nkukhazikitsa malo awo pansi pa kampani yawo yotchedwa Weird Gloop, Jagex nkuwathandiza ndi kuwavomereza kuti iyi nde wiki yovomerezeka, koma zolemba amayendetsa okha. Kenako wiki ndi RuneLite anagwirizana, client izitumiza mitengo yomwe anthu akugulira ndi kugulitsira pa Grand Exchange, msika waukulu wa mu gemu, wiki nkumaonetsa mitengo ya nthawi yomweyo, yachangu kuposa yomwe Jagex imaonetsa. Magulu awiri a ma fan kupanga chinthu choti mwini gemu sanapange. Kusiyana kwake ndi nkhani ya 117 nkoti apa anakambirana zinthu zisanayambe, aliyense akudziwa kuti gawo langa ndi ili.

Mu 2022 Jagex inachita zomwe ikanayenera kuchita kale, inatulutsa mndandanda wa ma client ololedwa, RuneLite ili pomwepo limodzi ndi HDOS yomwe imabweretsa maonekedwe a cha m'ma 2008, nkunena kuti wopezeka akugwiritsa ntchito client ina adzalangidwa. RuneLite inaikidwanso mu Jagex Launcher momwe, pulogalamu ya kampani yotsegulira magemu ake, moti pano ukatsegula pulogalamu ya kampani umapeza batani la chinthu chomwe kampaniyo inkafuna kutseka mu 2018. Koma kuvomerezedwa kuli ndi mtengo wake. Amene ali pamndandanda amayenera kumvera, Jagex ikati plugin iyi ichoke imachoka, ndipo amene amaika dzina pamndandanda ndi yemwenso angalifufute. Mbali inayi kampani nayo yamangika, mkulu aliyense wa bizinesi sangagone tulo podziwa kuti makasitomala ake ambiri amalowera pakhomo lomwe makiyi ake ali ndi anthu ongodzipereka, oti mawa atha kupeza ntchito ina, kukwatira, kapena kungotopa.

Nchifukwa chake Jagex yakhala ikukonza client yakeyake ya C++, yomwe ndi imenenso imayenda pa foni chifukwa RuneLite pa foni kulibe, nkumatengera mmodzimmodzi tinthu tomwe anthu anazolowera, mayina a zinthu zagwa pansi, zizindikiro zapansi, chothandizira ma clue, timiyambi tofufuzira chuma mu gemu. Inalengezanso kuti ikukonza njira yoti anthu azilemba ma plugin a client yakeyo. Osewera ena akuti zili bwino, a pafoni nawonso apume. Ena akuyang'anitsitsa, akuti tsiku lomwe client ya kampani idzakhale ndi zonse, batani la RuneLite lija lidzakhalapobe? Jagex imati ilibe cholinga cholichotsa, koma eni ake a Jagex asintha kanayi kuchokera mu 2016.